Zithunzi za pa Tabuleti ndi Kabuku Kathu ka Kwaca

Mwezi wathawu komiti yathu ya mabuku kuno ku Cassacatiza idalandira zithunzi 12 zoti zilowe m'kabuku katsopano koyambira kuwerenga Cinyanja. Wojambula ndi mnyamata wa mumpingo mwathu momwe muno, amene adaphunzira ku Tete ndipo masiku ano amathandiza madalaivala kulemba mapepala pa cipata ca malire. Sadagwiritse nchito pepala kapena utoto ai. Zonse adazijambula pa tabuleti, kacipangizo kagalasi kaja konga sileti ya ana a sukulu, ndi kacolembera kace kopanda inki. Popeza kabukuka kadzakhala m'manja mwanu zaka zingapo, ndiponso ndalama yosindikizira kawiri tilibe, taganiza zolemba poyera m'mene tazionera zithunzizi. Mwini wace tamuuza kale ndipo wavomera, ngakhale kuti nkhope idagwa pang'ono.

Tisanaweruze tokha, tidapita nazo ku kalasi ya amai ya Lacitatu. Tidaphimba mau a pansi ndi cala nkumafunsa kuti, "Mukuona ciani apa?" Cithunzi ca liu loti mtondo cidabweretsa phwete. Mtsikana wa m'cithunzimo ngwokongola ndithu, maso akuluakulu, ciuno ngati ca mavu, citenje cowala. Koma waima patali ndi mtondo, musi wace ngwoonda ngati mpini wa khasu, ndipo waugwira kunsonga ndi dzanja limodzi. Agogo ena a kutsogolo adati, "Abusa, mwanayu akuvina kapena akusinja? Akapitiriza conco adzisinja phazi, ndipo kwao agona ndi njala." Nkhokwe adaicha nyumba, cifukwa idakhala pa dothi penipeni, yopanda miyala kapena mitengo yoikweza. Mtengo wa msuku palibe ndi mmodzi yemwe adauzindikira. Masamba ace adali ang'onoang'ono osongoka, pamene aliyense amene adatolapo masuku amadziwa kuti tsamba la msuku nlalikulu ndi lokhuthala.

Kenaka tidaonetsa cithunzi ca liu loti lole, ndipo kalasi idasintha. Malole ali pa mzere kuyembekeza kuwolokera ku Chanida, dalaivala wina wakhala pa cigubu akuphika nsima pa mthunzi wa ngolo, mai wina akupemerera mbaula ya cimanga cooca ndi cidutswa ca katoni, galu wagona pafupi ndi tayala. Amai adayamba kulankhula onse pamodzi, kuloza ici ndi ico, ena mpaka kukangana kuti maiyo ndi uje. Liu la pansi adaliwerenga tisanacotse cala conse. Dzanja ndi lomwelo, makina ndi omwewo. Nanga kusiyana kwacokera kuti?

Akulu ena a komiti adafulumira kuloza cala makinawo, ati zinthu za mafoni zimaononga ana. Ife sitikuvomereza. Tidakhala naye mnyamatayo madzulo ena nkuona m'mene amagwirira nchito, ndipo tidacoka ndi ulemu. Akakanikiza colembera mzere umanenepa, akapepuza dzanja mzere umaonda, monga momwe makala amacitira pa khoma. Cithunzi amacimanga m'zigawo zosanjikizana ngati mapepala a pulasitiki oonekera: thambo pa lace, nyumba pa lace, munthu pa lace. Motero angathe kusuntha munthu osakhudza nyumba, kapena kusintha mtundu wa citenje osayambiranso. Akalakwitsa amabweza m'mbuyo ndi kugogoda kumodzi. Amene adajambulapo machati a kalasi ndi makala pa thumba la simenti akudziwa kuti imeneyi si mphatso yaing'ono. Cithunzi cikatha cimapita kwa osindikiza pa foni tsiku lomwelo, osacita kukwera basi.

Komabe makinawa ali ndi nyambo yace. Mapulogramu ojambulira, monga Procreate amene adatuluka mu caka ca 2011 ku Australia, amabwera ndi maburashi okonzeratu, ndipo ena ambiri munthu amatenga pa intaneti. Lina ukangolikhudza limamwaza masamba, lina udzu, lina mitambo. Msuku uja udabadwa motero: masamba ace adacokera m'burashi lopangidwa ndi munthu amene mwina sadauonepo msuku. Za mtsikana wa pa mtondo mnyamatayo adaulula yekha. Adati, "Abusa, ine kujambula anthu ndidaphunzirira pa makatuni a ku Japan." Malole aja ndiye amakhala nao tsiku ndi tsiku, fumbi lace amalipuma. Koma pa mtondo adangodutsapo kuyambira ali mwana, osaima kuti ayang'ane. Nanga si nchito ya akazi? Pamene diso lace lidadya bwino adajambula zoona, pamene lidali ndi njala adabwereka kwa eni.

Kuti tabuleti siiletsa munthu kuyang'ana, umboni ulipo. David Hockney, wojambula wa ku England wobadwa mu 1937, adayamba kujambula pa iPad itangotuluka mu 2010, ali ndi zaka zoposa 70. Mu 2011 adabwerera kawirikawiri ku kamseu kamodzi kochedwa Woldgate ku Yorkshire, kuyambira nthawi ya cisanu mitengo ili mbee mpaka itaphuka, nkumajambula mitengo yomweyo, zithaphwi zomwezo, m'mene kuwala kudasinthira. Zithunzizo zidaonetsedwa ku Royal Academy mu London caka ca 2012, ndipo zenera la magalasi a mitundu limene adakonzera chalichi ca Westminster Abbey mu 2018 adalilinganiza pa iPad. Mitundu yace ena amati njokuwa kwambiri, ifenso penapake timatero. Koma palibe angamunene kuti mitengoyo sadaione. Iye makinawo adawakonda cifukwa ngofulumira, amamlola kugwira kuwala kwa m'mawa kusanathawe.

Kubwereka pakokha si kulakwa. Ena a inu mwaona pa mafoni a ana anu katuni yochedwa Supa Team 4, imene idayamba kuoneka pa Netflix mu 2023. Nkhaniyo adaiyambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia, amene adakula akuonera makatuni opanda ngwazi yofanana naye. Maonekedwe a atsikana anai a m'nkhanimo adawalinganiza Malcolm Wope wa ku Cameroon, ndipo eni ace sadabise kuti adatengera magulu a atsikana oimba nyimbo za R&B ndi hip hop a zaka za m'ma 1990. Zobwereka zimenezo. Koma adaziika mu Lusaka, ndi maina monga Temwe ndi Monde, ndi vuto la kuzimazima kwa magetsi limene munthu wa ku Lusaka salifunsa tanthauzo. Cobwerekaco cidapeza pokhala. Mtsikana wathu wa pa mtondo alibe pokhala: sali ku Japan, sali ku Chifunde.

Tidamuuzanso mnyamatayo kuti dziko lino si lacilendo pa zojambula, ngakhale ku sukulu sadamuuze. M'cigawo cathu ca Tete muli phanga la Chifumbaze, kumene Mjeremani Carl Wiese adakumba mu 1907, ndipo akatswiri a mbiri adacha mtundu wonse wa mbiya zakale za m'maiko ano dzina la malowo. Kutsidya kwa malire kuli mapanga a zithunzi a Makwe kufupi ndi Katete, Kalemba ku Chadiza ndi Thandwe. Ku Malawi, malo 127 a ku Chongoni adalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zofiira zija makolo amati nza Akafula. Zoyera nza Acewa, zopakidwa ndi cala coviika m'dothi loyera, ndipo zambiri zidali za cinamwali, zina za nyau. Taonani, atsogoleri anzathu: zithunzi za cinamwali zidali zophunzitsira. Anamkungwi adali ndi kalasi yao, ndipo khoma la phanga lidali bolodi. Sadajambule zokongoletsa zambiri ai, koma cizindikiro cimodzi coonekera bwino cimene namwali sakadaiwala.

Za nyau mukudziwa pamene mpingo wathu udaima, ndipo sitikusuntha pamenepo. Koma monga oweruza zojambula tiyenera kunena zoona: osema zigoba adali anthu oyang'anitsitsa. Ataona mzungu wopsa ndi dzuwa adasema Simoni wa nkhope yofiira. Ataona galimoto adaluka galimoto. Zacilendo adazitenga, koma adayamba aziona ndi maso ao pa mseu wa kwao. Wopita ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa August amaziona yekha. Ku Mua, Bambo Claude Boucher amene adayambitsa malo a KuNgoni mu 1976 adatha zaka zambiri akukhala pansi ndi anthu a m'midzi asanajambule miyambo yao. Ndi wa mpingo wina, inde, koma kuleza mtima kumeneko tingakutengere.

Pali cinanso cokhudza inu makamaka. Ambiri mwa ophunzira athu sukulu idawadutsa pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, ena ali ku Ukwimi, ena m'chire. Cinyanja cidayamba kuyesedwa m'sukulu za boma kuno ku Tete mu 1993. Munthu wotere sadakule ndi mabuku a zithunzi, ndipo cithunzi naco cimafuna kuwerenga monga zilembo. Andreas Fuglesang wa ku Norway, amene adagwira nchito ku bungwe la zakudya ku Lusaka, adayesa zimenezi cha m'ma 1970. Adaonetsa anthu cinthu cimodzi cojambulidwa m'njira zosiyana, ndipo adapeza kuti cimene ambiri adacimva msanga ndi cithunzi ca kamera cimene zakumbuyo zonse zafafanizidwa, kwatsala cinthu cofunikaco cokha ndi tinthu tace tonse toona. Apa mnyamata wathu adapsa kawiri. Tinthu toona adatiphonya, ndipo kumbuyo adadzazako mitambo, mbalame ndi maluwa, popeza pa tabuleti kuonjezera nkosavuta. Mai amene wabwera atatopa ndi kumunda amafunafuna mtondo pakati pa maluwa, ndipo akauphonya amati mutu wace ngwouma. Sabata yamawa simumuonanso.

Mungafunse kuti nanga cithunzi ca malole, ca zinthu zambiri cija, cidamveka bwanji? Cidamveka cifukwa ciliconse m'menemo ncodziwika, ndipo lole ndi yaikulu kuposa zonse. Ngakhale zili conco, ticisunga ca phunziro lokambirana, osati loyambira lembo.

Vuto lotsiriza tidalipeza pa makina a fotokope. Galasi la tabuleti limatulutsa kuwala kwacekwace, ncifukwa cace mitundu imaoneka ngati yanyowa ndi mvula. Pepala lilibe kuwala. Kabuku kathu kadzasindikizidwa ndi inki yakuda yokha, ndipo titayesa tidaona kuti citenje cofiira ndi udzu wobiriwira zasanduka phulusa limodzi, nkhope ya mtsikana yangokhala banga lakuda la maso awiri. Khungu la munthu wakuda limafuna wojambula amene waganizira za pepala kuyambira paciyambi, kusiya malo oyera pa mphumi ndi pa masaya, ndi kulimbitsa mzere wa m'mbali. Pa tabuleti angathe kuzimitsa mitundu nkuona cithunzi m'kuda ndi kuyera asanacitumize. Iye sadadziwe kuti tidzafuna zimenezo, ndipo kulakwa kumeneko nkwathu, sitidamuuze.

Komiti yalandira zithunzi zisanu: lole, njinga, foni, sitolo ndi mpira. Zisanu ndi ziwiri zabwerera kwa mwini wace. Agogo aja adzipereka okha, ati, "Mumtumize kwathu Loweruka mwanayo, adzagwire musi, tione ngati adzajambulanso ca dzanja limodzi." Wavomera kupita ndi tabuleti yace, ndipo za msuku adzapita ku phiri ndi ana oweta mbuzi. Zatsopanozo zikabwera tidzatumiza mapepala oyesera ku makalasi a ku Chifunde, Mualadzi ndi kuno. Inu mudzaphimbe mau, mufunse funso lomwe lija, ndipo mulembe yankho la wophunzira monga momwe walinenera, osalikonza. Mayankhowo atipeze usanathe mwezi wa mawa, cifukwa osindikiza akudikira.