Chipewa cha Chilembwe ndi Zosema za mu Blantyre

Munthu wochokera ku Chitawira akafika pakati pa mzinda wa Blantyre, amapeza amisiri akugulitsa zosema: njovu, mvuu ndi mipando ya mafumu. Manja a amisiriwo ndi aluso ndithu. Koma njovu ya lero ifanana ndi ya dzulo, pakuti mmisiri asema chimene mlendo afuna kugula. Chotero zosemazo sizinena kanthu za anthu a mzindawo.

Ntchito ya Samson Kambalu, mmisiri wa ku Malawi wobadwa mu 1975, ionetsa njira ina. Iye anapanga chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chinaima pa Trafalgar Square ku London kuyambira 2022 kufikira 2024. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914, choonetsa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, pamodzi ndi mmishonale wachizungu, John Chorley.

Nzeru ya mmisiriyu ili pa zinthu ziwiri. Choyamba, Chilembwe wavala chipewa, pamene masiku amenewo munthu wakuda ankakakamizidwa kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chachiwiri, Chilembwe wakula pafupifupi kawiri kuposa mnzakeyo. Amene anali wonyozeka ndiye aoneka poyamba. Ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga angamve nkhaniyo ndi maso okha.

Komabe ntchitoyi ili ndi pofooka pake. Dzina lake likumbutsa kasiyamaliro wa Gule Wamkulu, koma pa chibolibolicho palibe nyama yooneka, ndipo Chilembwe anali mbusa wa mpingo. Wopenya afunika womufotokozera. Chinanso, chinaima kutali ndi eni nkhani. Mu Januwale 1915 anthu a Chilembwe anapita ku sitolo ya Mandala mu Blantyre momwemo kukafuna mfuti, koma adzukulu awo ambiri anangoona chibolibolicho pa zithunzi.

Tsono phunziro kwa amisiri a mu Blantyre ndi Limbe ndi ili: nkhani zoyenera kusema zili pafupi. Alipo mayi wosenza dengu pa msika wa Limbe, ndi mnyamata wotsika phiri la Ndirande ndi nkhuni. Koma mmisiri naye adya. Eni mzinda akapanda kugula ntchito zonena za iwo eni, mmisiri adzasemabe njovu za alendo.