Masamu amene amalumpha ziro

Mtambo wochokera kunyanja ukadutsa pamwamba pa malo osungira nyama a Kuti n'kukaphimba mapanelo a sola ku Nanjoka, magetsi amene kampani ya JCM imagulitsa kwa ESCOM amatsika. Malowa, omwe anatsegulidwa mu 2021, amatha kupanga mamegawati 60, ndipo akafooka katundu amagwera Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Kodi waya uliwonse usenza magetsi ochuluka bwanji pamenepo? Mainjiniya a magetsi padziko lonse amayankha funso lotere ndi tebulo la manambala.

Malo alionse okumanirana mawaya amapatsidwa mzere wopingasa ndi mzere wotsika. Ngati malo awiri alumikizidwa ndi waya, m'bokosi momwe mizere yawo yakumana amalembamo nambala. Ngati palibe waya, amalemba ziro. Tiyerekeze kuti malowo alipo 1,000: mabokosi akhala 1,000,000. Koma ngati malo alionse amalumikizana ndi anzake atatu okha, mabokosi okhala ndi kanthu ndi 4,000 basi, kuwerengera ndi bokosi limene mizere iwiri ya malo omwewo imakumana. Tebulo lodzaza ziro chonchi amalitcha sparse matrix, ndipo kompyuta imasunga manambala enieniwo ndi malo ake, ziro osazikhudza n'komwe.

Luso lenileni lili pa kuphwanya tebulolo. Amachotsa malo amodziamodzi, monga mmene ana a sekondale amachotsera x kuti atsale ndi y, mpaka tebulo lagawika pawiri, L ndi U, magawo osavuta kuwerengera. Koma ukachotsa malo, anzake onse omwe amalumikizana nawo amasanduka olumikizana okhaokha, ndipo mabokosi omwe munali ziro amadzaza. Taganizirani siteshoni imodzi yodyetsa mizere isanu. Ukayamba kuchotsa siteshoniyo, pabadwa maulalo 10 atsopano. Ukayambira kunsonga za mizereyo, siteshoni n'kubwera pomaliza, sipabadwa ngakhale ulalo umodzi. Yankho ndi lomwelo, koma ntchito yasiyana kutali. Zimandichititsa chidwi kuti nzeru yonse ili pa kusankha woyamba. Harry Markowitz anapereka njira yosankhira mu 1957, ndipo mu 1967 William Tinney ndi John Walker a ku Bonneville Power Administration ku America anaonetsa mmene imagwirira pa mawaya a magetsi: yamba ndi malo amene ali ndi anzake ochepa, kenako werenganso.

Nanga ntchitoyi ingagawidwe bwanji kwa makompyuta ambiri nthawi imodzi? Njira imene Alan George anapereka mu 1973 tingaiyerekeze ndi kudula ukonde wa msodzi. Ukamasula mzere umodzi wa mfundo pakati, ukonde umakhala zidutswa ziwiri zosakhudzana. Chidutswa chilichonse uchidulenso pakati, n'kumapitiriza. Popeza zidutswazo sizigwirana, purosesa iliyonse imatenga chake osadikira inzake. Mfundo za pamzere wodulira zimasungidwa kuti ziwerengedwe pomaliza, ndiye wodula waluso amafufuza pamene ukonde wachepa m'chiuno.

Kumapetoko n'kumene kumavuta, chifukwa zidutswa zimachepa, mapurosesa ena n'kukhala chimanjamanja, pomwe mabokosi otsalawo adzaza thothotho. Mu 1983 Iain Duff ndi John Reid anakonza njira yotchedwa multifrontal: manambala omwazikana amawasonkhanitsa m'timatebulo tothithikana, chifukwa kompyuta imathamanga kwambiri manambala akakhala moyandikana. Kachidutswa kalikonse kakatha, kamapereka zotsala zake kwa chidutswa chachikulu, ndipo tebulo lomaliza amaligawanso m'zigawozigawo kuti mapurosesa onse agwirepo. Pulogalamu ya MUMPS imagwira ntchito mwa njira imeneyi.