Msilikali wa Marley m'kamwa mwa Agide

Minibasi yathu yopita ku Kafue itaima pamzere pa toll gate ya Shimabala, dalaivala anakweza wailesi, ndipo munamveka mawu a gogo Giddes Chalamanda, amene timawatcha Agide. Anyamata a kumpando wakumbuyo ankayembekezera Linny Hoo, ija inawanda pa TikTok kumayambiriro kwa 2022. Koma inalira ndi Buffalo Soldier, ndipo mmodzi anaseka nati mdalayu anaba nyimbo ya Bob Marley. Ine ndikuti sanabe. Dzina n'lomwelo, koma ntchito yake ndi ina.

Ya Marley inatuluka mu 1983, mwini wake atamwalira kale mu 1981. Imakumbukira asilikali akuda amene boma la America linawaika m'magulu awoawo mu 1866, nkhondo yapachiweniweni itatha, n'kuwatumiza kumadzulo kukamenyana ndi eni nthaka. Marley amawaona ngati zidzukulu za anthu ogwidwa ku Africa. America wa m'nyimbo yake ndi dziko limene munthu wakuda anafikako ali womangidwa.

Agide, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu, anautembenuza ulendowo. Woimba m'nyimbo yawo ali kuno kwathu, palibe akumukoka, ndipo akulakalaka yekha kukaona America ndi maso ake. Chomuletsa ndi ndalama basi. Nyimbo yonse yakolekedwa pa mawu ongoyerekeza, aja timati ndikanakhala nazo, amene munthu amawanena atapisa kale m'thumba n'kupeza mulibe kanthu. Tamverani bwino apa. Makolo aja anawoloka nyanja osalipira kalikonse, pakuti katundu wa m'sitimamo anali iwo omwe. Mdzukulu wotsala kuno akufuna kuwoloka nyanja yomweyo, koma tikiti yamukanika. Agide sakunena zimenezi poyera, sakudandaula, sakuloza munthu chala. Mbiri yowawayo yabisala m'dzina la msilikali, ndipo womvera amene amadziwa ya Marley amaimva yekha ikugunda pansi pa chimwemwe cha nyimboyo.

Pali ena amaseka Chingerezi chake. Kunena zoona n'chapafupi, chotchulidwa ndi lilime la kumudzi, koma ndiye choyenera. Munthu wolota dziko lakutali akuliitana m'chinenero cha komweko, monga mlendo amene akuyeserera moni asanafike pakhomo. Chikanakhala Chingerezi chosalala cha pawailesi, sitikanakhulupirira kuti woimbayo akusowadi ya ulendo. Mawu ndi ochepa ndipo amangobwerezedwa, monga zilili nyimbo zambiri za Agide. Wofuna nkhani yoyamba apa n'kukathera apo adzatopa nayo. Koma chilakolako cha wosauka chimayenda choncho, kuzungulira malo amodzi ngati mbuzi yapachingwe.

Ndipatuke pang'ono, ndinene za banjo, chida chimene Agide amaimbira pamodzi ndi gitala. Nachonso chinayenda ulendo wa msilikali uja. Akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa ndiwo anachipanga kutsidya kwa nyanja, ndi chipanda ndi chikopa, potengera zoimbira za kwawo. Azungu anachitola, ndipo pamene Earl Scruggs analowa gulu la Bill Monroe mu 1945, banjo inakhala msana wa nyimbo za bluegrass. Zaka zomwezo, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, banjo ndi gitala zinafala ku Nyasaland, anyamata osowa ndalama n'kumadzipangira zawo ndi zigubu ndi mawaya. Allan Namoko wa ku Thyolo anatchuka nayo banjo yomweyo. Choncho mdala woimba zolakalaka America wagwira m'manja chinthu chimene chinapitako kale n'kubwerako.

Mnyamata wa m'minibasi uja ndinalephera kumuuza zonsezi, chifukwa anatsikira panjira tisanalowe m'tauni ya Kafue. Ndikanamuuzanso kuti maloto a m'nyimboyo anadzatheka. Mu 2016, mothandizidwa ndi anthu akufuna kwabwino, Agide anakwera ndege limodzi ndi oimba anzawo Edgar ndi Davis n'kukaimba ku America. Anali ndi zaka 86.