Wosoka zigamba za dziko pa Nkhudzi

M'nyengo ya mwera ya 2024, nyanja itakwera mpaka kulowa m'mabwalo a nyumba za alendo, pakhonde pathu pa Nkhudzi pankayaka nyali imodzi usiku wonse. Inali laputopu ya mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anaphunzira zoyeza malo. Anabwera ndi ntchito yojambula mapu oonetsa njira za madzi a mvula kuchokera m'mapiri kukafika kunyanja. Masana ankagona. Asodzi akamakankhira maboti m'madzi, iye ankadikira kuti nthawi ya bandulo ya usiku ikwane. Ndinakhala naye masiku angapo, ndipo ndinaona luso limene sindinkadziwa kuti liliko.

Zimene ankatsitsa pa intaneti zinali manambala okhaokha, popanda chithunzi chilichonse. Mu February 2000 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Endeavour chinazungulira dziko masiku 11 chitatambasula mlongoti wa mamita 60, ndipo makina a radar, ena pachombo ena kunsonga ya mlongotiwo, anayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka pafupifupi kulikonse kumene anthu amakhala. Ntchitoyi, yotchedwa SRTM, anaitsogolera a NASA mothandizana ndi akatswiri a ku Germany ndi ku Italy. Kwa zaka zambiri ife a ku Africa tinkapatsidwa muyeso umodzi pa mamita 90 aliwonse. Mu September 2014 boma la America linalengeza kuti litulutsa muyeso wa pa mamita 30, ndipo Africa ndiye anayamba kulandira. Choncho phiri la Nkhudzi, dambo lililonse ndi khwawa lililonse la m'boma la Mangochi zili m'manambala amene aliyense angatenge kwaulere, ngati akudziwa katengedwe kake.

Dziko analidula m'zigamba, chilichonse digiri imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, ndipo zonse pamodzi zimapitirira 14,000. Chigamba chimatchedwa ndi ngodya yake ya kumunsi kumanzere. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Munthu amaona kuti Mangochi ali pa madigiri 14 kumwera, n'kutenga S14E035, koma akatsegula amapeza Makanjira ndi Lichinga wa ku Mozambique. Tauni ya Mangochi ili mu S15E035, Monkey Bay ali mu S15E034, ndipo mzere wolekanitsa ziwirizi umadutsa kufupi ndi kwathu kuno. Wofuna kuona Nkhudzi bwinobwino ayenera kutenga zonse ziwiri.

Mtsikanayu sankadina pa mapu kamodzikamodzi. Anayamba ndi kope ndi pensulo, kulemba mayina a zigamba m'mizere: 9 kuchokera kumpoto kutsika kumwera, 4 kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, zonse 36 zokuta Malawi yense. Kenako anawonjezera zina za kumpoto ndi kum'mawa, poti madzi amene amafika pagombe pathu ena amachokera ku Tanzania kudzera mu Ruhuhu ndi Songwe. Ndinamufunsa chifukwa chake osangotenga dziko lonse, popeza n'zaulere.

“Amalume, ndikatenga zonse ndiziika pati, nanga ndiziyang'ana liti?”

Mndandandawo anaupereka kwa kapulogalamu kotchedwa wget, kopanda zithunzi ngakhale mabatani, kongolandira mawu olembedwa. Anakauza zinthu zitatu: katenge chigamba chimodzi panthawi, kapume pang'ono kasanapemphe china, ndipo netiweki ikaduka kayambire pamene kanalekera. Chachitatuchi ndicho chimapulumutsa bandulo. Usiku wina magetsi anathima kawiri, netiweki n'kuzimiririka mwera utakula, koma m'mawa panalibe fayilo yoyambidwanso pachiyambi. Kupuma kuja ankati ndi ulemu, chifukwa kompyuta ya kutsidya ikutumikira anthu ambirimbiri nthawi yomweyo, ndipo wolanda mzere amatsekeredwa kunja.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi zimene ankachita mafayilo atafika. Sankakhulupirira dzina la fayilo. Chigamba chathunthu chili ndi mizere 3,601 ya manambala 3,601, nambala iliyonse mabayiti awiri, kotero chikamasulidwa chiyenera kukhala mabayiti 25,934,402, osachepera ngakhale imodzi. Ankayang'ana kukula kwa chilichonse monga mayi wogula usipa amayang'anira ngati chidebe chadzazadi. Tsiku lina anapeza fayilo ya dzina lolondola koma yopepuka zedi. Ataitsegula, m'kati munali tsamba lofunsa dzina ndi mawu achinsinsi, chifukwa chilolezo chake cholowera pa Earthdata, tsamba lotsitsirako mafayilowa, chinali chitatha pakati pa usiku. Munthu wothamanga akanaiphatikiza ndi zinazo, n'kudzadabwa mapu atabooka pakati.

Ndinafunsa za 3,601, chifukwa digiri imodzi ili ndi timagawo 3,600. Anandionetsa kuti mzere wotsalawo ndi womwewo umene uli m'mphepete mwa chigamba choyandikana nacho. Ndinazindikira msanga, poti ndakula ndikuona alovi atakhala pamchenga akulumikiza zidutswa za ukonde wa chilimira, diso kukumana ndi diso kuti msoko usasiye mpata. Mtsikanayu ankayendadi m'misoko imeneyi pa kompyuta, kutsimikiza kuti nambala ya mbali iyi ikufanana ndi ya mbali inayo.

Palinso mabowo. Pamene radar inalephera kuona, makamaka m'matanthwe otsetsereka ngati a Mulanje, mafayilo oyambirira ali ndi nambala -32768, kutanthauza kuti palibe muyeso. Kompyuta ikapanda kuuzidwa, imaiwerenga ngati dzenje lakuya makilomita 32. A NASA anadzatulutsa mtundu wina umene mabowowo anawatseka ndi miyeso yochokera kwina. Iye anasunga mitundu yonse iwiri, wobooka ndi wotsekedwa, m'mafoda osiyana, aliyense ndi kapepala konena kumene anachokera ndi tsiku limene anatsitsidwa. Ankafuna kudziwa pamene pali chigamba chomata, kuti asaikepo chikhulupiriro chofanana ndi pamene panayezedwadi. Mafayilo otsitsidwawo sankawakhudzanso. Anawakopera pa hard drive yachiwiri imene ankaikulunga m'chitenje kuopa chinyezi cha kunyanja.

Kulumikiza kunali kwachangu. Ndi lamulo limodzi la pulogalamu yotchedwa GDAL anapanga kafayilo kakang'ono kolozera zigamba zonse, n'kukatsegula mu pulogalamu ya mapu yotchedwa QGIS, n'kuuza kompyuta kuti iwalitse dzuwa kuchokera mbali imodzi. Mapiri anadzuka pagalasi. Ndinaona Phirilongwe, mapiri a Namizimu, Shire akutuluka m'nyanja kulowa mu Malombe, ndi phiri lathu la Nkhudzi, limene lili m'gawo la Lake Malawi National Park, pamene a Southern Region Water Board anamanga thanki kuti madzi azitsika okha kupita kwa anthu. Ndinaloza ndi chala khwawa limene tinkadutsa tili ana popita kukatola nkhuni.

Mtima uli m'mwamba, ndinapempha chimene aliyense pagombe ankafuna kudziwa chaka chimenecho. Nyanja imene timaidziwa pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere inali itapitirira 476. Ndinati andionetse pamene madzi adzafike ikakweranso mita imodzi. Anakana.

“Izi sizingayankhe funso limenelo, amalume. Ndikakujambulirani mzere, mukhulupirira, mwina mumangapo nyumba.”

Anafotokoza modekha. Radar imagunda pamwamba pa chimene yakumana nacho, kaya ndi nthambi za mlambe kaya denga la malata, osati pansi penipeni. Manambala a SRTM ndi mamita athunthu, opanda theka. Amene anakonza ntchitoyi analola kuti muyeso ukhoza kuphonya mpaka mamita 16, ndipo ngakhale malo ambiri umachita bwino kuposa pamenepo, gombe lathu ndi lathyathyathya moti mita imodzi imasuntha madzi kutali. Anali atatsitsanso miyeso ina yotchedwa Copernicus GLO-30, yochokera ku masetilaiti a ku Germany a TanDEM-X, kuti ayerekeze, ndipo anandichenjeza kuti ziwirizi siziwerengera kuchokera pa mlingo umodzi ndendende. Pa njira za madzi m'mapiri, anati, zigambazo n'zokwanira. Pagombe pamafunika miyendo.

M'mawa mwake anatulutsa makina ake oyezera a miyendo itatu, ine n'kunyamula ndodo yolembedwa manambala. Tinayambira pamene mafunde ankathera, pafupi ndi mathandala oyanikira usipa amene miyendo yake inali m'madzi, n'kumakwera pang'onopang'ono kulowera kumudzi. Ankasuzumira m'makinamo, kulemba m'kope lomwe lija la mayina a zigamba, n'kukweza dzanja kuti ndisunthe.

“Imikani mowongoka, amalume, yapendekera kunyanja.”