Mawu Obisika Pansi pa Musi

Zimandinyansa ndikamva anthu ophunzira akutchula nyimbo za pamtondo kuti "nyimbo zogwirira ntchito", ngati kuti amayi ankaziyimba pongofuna kuiwala kutopa. Mwamuna akanyamula gitala kapena bangwe timati ndi katswiri, dzina lake n'kumveka pa wailesi. Mayi akapeka nyimbo musi uli m'manja, mwana ali kumbuyo, timangoti "ndi ya makolo". Makolo ake ati? Nyimbo iliyonse inatuluka m'kamwa mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali ndi amene ankamunena.

Azakhali anga anakwatiwa chitengwa, kutali ndi abale awo. Pokamba za banja lawo lomwe, olankhula anali ankhoswe. Iwo ankangokhala pamphasa, maso pansi. Koma kukacha, akaima pamtondo ndi mlamu wawo kukonola chimanga, mudzi wonse unkadziwa zimene zavuta m'nyumbamo.

Luso lake lagona apa. Awiri akamasinja mu mtondo umodzi, misi imasinthana: wina ukamatsika, wina ukukwera. Pakati pa kugunda kuwiri pamatsala kampata kakang'ono zedi, ndipo nyimbo yonse iyenera kukwana m'timipata timeneti, poti musi ukamagwa mpweya nawo umatuluka m'chifuwa. Wosadziwa amangokuwa pamwamba pa phokosolo, posachedwa wefuwefu. Azakhali ankasankha malo a liwu lililonse. Mawu ofuna kuti apongozi awamve ali pakhonde ankawaponya musi uli m'mwamba, pamene pali zii. Koma liwu loti likhoza kuwaitanitsa kubwalo, dzina la munthu kapena la mudzi umene amuna awo ankaswerako, ankaligwetsa limodzi ndi musi. Thi! Lamezedwa. Aliyense walimva, koma palibe angalumbire kuti walimva. Ndiuzeni, ndi alakatuli angati amene timawaombera m'manja m'maholo angathe kubisa liwu poyera chonchi?

Ndiye pali kuphiphiritsa. Mkazi mnzawo sankamutchula: inali nkhuku yachilendo yofukula pakhomo pa eni. Mwamuna waulesi anali khasu lochita dzimbiri. Mlamu uja ntchito yake inali kuvomera, ndipo kuvomerako sikunali kokometsera chabe ayi. Mawu akabwerezedwa ndi pakamwa pachiwiri asanduka a gulu, mwini wake sapezekanso. Wina akapsa mtima n'kufunsa, yankho linali lokonzeratu: "Ine ndimangoyimba." Ndipo wofunsayo ndiye wadziulula yekha.

Enoch Timpunza Mvula analemba m'zaka za m'ma 1980 za mmene amayi achichewa ndi achitumbuka amagwiritsira ntchito nyimbozi pa mikangano ya m'banja. Hugh Tracey naye, pozungulira Nyasaland m'ma 1950, anajambulako zina, zimene zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University. Zinakamba zambiri nyimbozi: mitala, uchumba umene nthawi zonse ankanamizira mkazi, amuna opita ku Joni pa Wenela osatumiza ngakhale kalata. Komabe timaziwerenga ngati umboni wa mavuto a amayi basi. Za kapekedwe kake, za amene anali dolo ndi amene anali mbuli pamtondo, sitifunsa, chifukwa mumtima sitinavomere kuti pamenepo panali luso loti n'kulipima.

Luso lotere silipezeka m'nyimbo zonse. Za nyimbo zodzudzula nkhanza zimene zimabuka chaka chilichonse kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala sindinena zambiri: cholinga n'chabwino, koma zimalankhula ngati chikwangwani, ndipo wankhanza amavina nawo osadziwa kuti wonenedwayo ndi iye. Nyimbo za mbumba ya Kamuzu zinali ndi mawu okoma, inde, koma kutamanda munthu amene sungathe kumutsutsa si kupeka.

Musandimve molakwa, sindikulirira mtondo. Amene amaulirira sanatulukepo matuza m'manja, ndipo azakhali tsiku limene chigayo chinafika pafupi sanayang'anenso m'mbuyo. Kungoti kuchigayo suyimba. Injini ikalira, amayi amangoima pamzere ndi matumba awo, kulankhulana ndi manja.

Chimene chinandilembetsa zonsezi ndi chimene ndinaona pa mpikisano wa zachikhalidwe pasukulu ina. Atsikana anayi, zitenje zofanana, anabwera ndi mtondo wopanda kanthu. Mtondo wopanda chimanga umalira mokweza, ndipo musi umadumpha msanga, choncho nyimbo inathamanga, timipata tija n'kutsekeka. Mawu onse anawatchula momveka bwino, akumwetulira, atayang'ana oweruza. Oweruzawo, abambo atatu a mataye, anawapatsa malikisi ambiri chifukwa cha zovala.