Iwe ndi Inu: Chinenero cha Chikondi m'Mafilimu Opepuka a pa Wailesi ya Kanema, Monga Tiŵaonera ku Zengeza 3

1. Mau Oyamba

Ena mwa inu mudabwa kuona kuti pa msonkhano wa akatswiri a zinenero tabweretsa nkhani ya mafilimu a chikondi, amene ngakhale eni ake oŵapanga saŵaika m'gulu la ntchito zazikulu. Tikupempha kuti mutilezere mtima. Cholinga chathu m'pepala lino ndi kuŵeruza mafilimu otere poyang'ana chinenero chawo, ndiponso kusonyeza kuti kusoŵa kwake m'Chicheŵa ndi vuto lalikulu kwa Acheŵa a ku Zimbabwe kuposa mmene tiganizira. Mfundo yathu ndi imodzi: chinenero chimene achinyamata safunsirana nacho mbeta chayamba kale ulendo wa kumanda, ngakhale chitalembedwa m'malamulo a dziko.

Zitsanzo zathu tazitenga ku Zengeza 3, dera lina la mzinda wa Chitungwiza, kumwera kwa Harare. Mzindawu unapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 370,000. Pakati pawo pali ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, kum'maŵa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, makamaka chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe ndiponso chili mkati. Kumudzi ankaŵatcha matchona. Kuno anansi ankaŵatcha mabhurandaya, potengera dzina la Blantyre.

2. Mpangidwe wa Mafilimuŵa

Mafilimu amene tikunenaŵa chitsime chake chachikulu ndi Hallmark Channel ya ku United States, imene imatulutsa atsopano pa nyengo iliyonse ya chaka. Ambiri amajambulidwa ku Canada m'masabata oŵerengeka, ndipo amakwana m'maola aŵiri pamodzi ndi zamalonda. Chitsanzo chabwino ndi Tulips in Spring ya 2016: mtsikana wogwira ntchito mumzinda abwerera kwawo kukathandiza pa munda wa maluŵa wa makolo ake bambo wake atavulala, ndipo kumeneko apeza mwamuna woyenera. Msoko wake ndi womwewo m'mafilimu onse. Aŵiri akumana, ayamba ndi kunyansidwana, ntchito iŵakakamiza kukhalira limodzi, kusamvana kwakung'ono kuŵalekanitsa, ndipo pa mphindi zotsiriza apsompsonana.

Sitikuŵadzudzula chifukwa cha kubwerezaku. Nthano zathu za Kalulu nazo zili ndi msoko wodziŵika, ndipo palibe mwana amene anakanapo kumvera chifukwa chakuti adziŵa kale kuti Fisi apusitsidwa. Chokondweretsa si mathero, koma njira yofikira ku matherowo. Tiyeneranso kuvomereza kuti mafilimuŵa amapereka chinthu chimene ambiri opangidwa kuno sanapereke. Neria inakamba za kulanda chuma cha masiye; More Time ndi seŵero la Studio 263, limene linayamba mu 2002, zinachenjeza za Edzi; Yellow Card ya 2000 inakamba za mimba za ana a sukulu; ku Malaŵi seŵero la Tikuferanji linatsata njira yomweyo. Zonsezi ndi ntchito zofunika, koma m'menemo chikondi sichibwera chokha: chimabwera ndi chenjezo, matenda kapena maliro. Wachinyamata wofuna kuona chikondi chongosangalatsa amachipeza m'Chingerezi.

3. Dzina la Nyengo

Vuto loyamba la womasulira lili pa mau akuti spring. Kumpoto kwa dziko lapansi nyengo imeneyi ndi Malichi, Epulo ndi Meyi. Kwa ife miyezi imeneyo ndi kutha kwa dzinja ndi kuloŵa kwa masika, pamene chimanga chikuuma ndipo udzu ukufota. Kotero filimu yolengezedwa kuti ndi ya maluŵa ongophuka kumene imafika ku Zengeza 3 anthu akukolola.

Chicheŵa chimagaŵa chaka potsata mvula ndi ntchito ya kumunda: dzinja, masika, chisanu, chilimwe. Chishona chili ndi zhizha, matsutso, chando ndi chirimo, ndipo chilimwe ndi chirimo ndi mau apachibale oonekeratu. Mkati mwa chilimwe muli kanyengo kamene ife titcha mphukira, Ashona nkumati pfumvudza, pamene mitengo ya musasa itulutsa masamba ofiira mvula isanagwe, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo jakaranda ayamba kuchita maluŵa m'miseu ya Harare. Imeneyi ndiyo nyengo yofanana ndi ya m'mafilimu aja. Komabe mphukira wathu ndi wa fumbi, kutentha ndi mizere ya zigubu pa mjigo. Mwa mwambo wa Acheŵa ndiyonso nthaŵi ya maukwati ndi magule, popeza nkhokwe zimakhala zodzaza ndipo khasu likupuma. Mwa mwambo wa Ashona nthaŵi imeneyi ili ndi malire: m'mwezi wa Mbudzi, ndiye Novembala, sapereka roora. Wolemba wanzeru angaone kuti pano pali kale tsiku lomalizira, limene mafilimu a Hallmark amachita kulipeka pokonza chikondwerero cha maluŵa.

4. Mloŵam'malo ndi Chipsompsono

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani yathu. Chingerezi cha lero chili ndi mloŵam'malo mmodzi yekha wa munthu wachiŵiri, you, amene mtsikana amaitanira nacho mdani wake pa chiyambi cha filimu ndi wokondedwa wake pa mathero. Popeza chinenero sichisonyeza kusintha kwa ubale, filimu imadalira zooneka: kuyang'anana, kugwirana dzanja, chipsompsono. Chicheŵa sichili choncho. Taonani zitsanzo izi:

(1) Achemwali, mwaiŵala chigubu chanu.
(2) Iwe, waiŵalanso chigubu chako.
(3) Anaphiri, mwaiŵala chigubu chanu chija.

Ziganizo zitatuzi zikunena chinthu chimodzi, koma Mcheŵa aliyense amva kuti mu (1) aŵiriŵa ndi alendo, mu (2) ubwenzi wapsa, ndipo mu (3) ndi banja lokhazikika, mwamuna akulemekeza mkazi wake ndi mfunda pamaso pa anthu. Kaŵirikaŵiri ulendo wa chikondi m'Chicheŵa umayenda kuchoka pa inu, kufika pa iwe, ndi kubwereranso pa inu. Koma inu wachiŵiriyu ndi wofunda, wosiyana ndi woyamba uja. Chimodzimodzinso phatikizo la -ni kumapeto kwa mneni:

(4) Ndimakukonda.
(5) Ndimakukondani.

Chingerezi chili ndi chiganizo chimodzi pa zonse ziŵiri. Anyamata omasulira mafilimu achilendo m'Chicheŵa, amene ntchito yawo imaonetsedwa m'nyumba za vidiyo ku Malaŵi, amakumana ndi vutoli tsiku ndi tsiku: ayenera kusankha mphindi imene inu asanduka iwe, ngakhale filimu yeniyeniyo sinasankhe. Akasankha msanga, mnyamata amamveka wamwano. Akachedwa, amamveka ngati akulankhula ndi apongozi. Ife tikuti mphindi imeneyo ndiyo chipsompsono cha Chicheŵa. Chishona nacho chili ndi iwe ndi imi, ndinokuda ndi ndinokudai, kotero woonera wa ku Chitungwiza, wa fuko lililonse, angamve kusinthaku popanda womuuza.

Chachiŵiri chosoŵa m'mafilimu achilendo ndi anthu. Aŵiri okondana amagwirizana okha, ndipo makolo amangomwetulira chapatali. Zoona, timanena kuti ukwati ndi anthu aŵiri, wachitatu ndi kapasule. Koma ukwati wopanda ankhoswe timautcha chibwenzi chabe. Kufunsira mbeta, kupereka chikole, kukaonekera kwa amalume, chinkhoswe: sitepe iliyonse ili ndi mau ake, mafanizo ake ndi kuzungulira kwake, ndipo nthabwala zili momwemo.

5. Mafilimu Aŵiri a ku Zimbabwe

Zimbabwe yasonyeza kale kuti chikondi chopepuka chingathe kuvala zovala za kuno. Jit ya 1990, yotsogozedwa ndi Michael Raeburn, ndi nkhani ya mnyamata wotchedwa UK amene afuna kukwatira Sofi ndipo ayenera kupeza roora wokwera mtengo, uku mzimu wa makolo, jukwa, ukumuvutitsa kuti akumbukire kumudzi. Oliver Mtukudzi anaseŵeramo. Filimuyi inali ya m'nyumba za kanema, koma ili ndi zonse zimene tikufuna: chopinga cha chikondi chikuchokera ku mwambo, osati ku kusamvana kopeka. Cholakwika chake kwa ife ndi chakuti anthu ake amalankhula Chingerezi, kotero kuti imi ndi iwe zinatayika.

Cook Off ya 2017, yolembedwa ndi kutsogozedwa ndi Tomas Brickhill, inaloŵa pa Netflix mu 2020, yoyamba ya ku Zimbabwe kutero. Tendaiishe Chitima akuseŵera ngati Anesu, mayi wolera yekha mwana, amene aloŵa mpikisano wophika wa pa wailesi ya kanema ndi kukumana ndi Prince. Jesesi Mungoshi, amene anali Neria, pano ndi agogo. Filimuyi inapangidwa ndi ndalama zochepa kwambiri, ndipo imasakaniza Chingerezi ndi Chishona monga anthu a m'malokeshoni alankhulira. Mphamvu yake, monga tionera ife, ili m'nyumba, pakati pa Anesu, amayi ake ndi agogo. Zochitika za chikondi chenichenicho zimatsata kwambiri msoko wachilendo uja.

M'mafilimu onse aŵiri mdzukulu wa matchona sadzipezamo. Roora ndi chopinga cha anthu otsata kuchimuna. Mcheŵa wotsata kuchikazi, wodziŵa chikamwini ndi chitengwa, ali ndi zopinga zina, ndipo banja la ku Zengeza 3 limene mwana wake wamkazi afunsiridwa ndi Mshona liyenera kusankha mwambo woti utsatidwe. Nkhani imeneyi ikuyembekeza wolemba.

6. Pabalaza ku Zengeza 3

Madzulo ena a Seputembala tinacheza m'nyumba ina ya m'derali pamene filimu ya mtundu wa Hallmark inali kuonetsedwa. Kanema ankalankhula Chingerezi. Adzukulu ankatsutsana m'Chishona za mwamuna amene mtsikanayo ayenera kusankha. Agogo aakazi, obadwira pa famu kwa makolo ochokera ku Dedza, ankaponya ndemanga m'Chicheŵa, ndipo funso lawo lalikulu linali lakuti, kodi mwanayu alibe amalume? Adzukulu anamva, anaseka, nayankha m'Chishona. Titafunsa mnyamata wamkulu ngati angafunsire mtsikana m'Chicheŵa, anati mtsikanayo angaganize kuti akuchita nthabwala.

Yankho limeneli ndilo latilembetsa pepala lino. Chicheŵa chikumvekabe ku Chitungwiza: pa maliro, m'mapemphero a CCAP ya Sinodi ya Harare, pa bwalo la gule wamkulu amene Ashona amati zvigure, ndi pa National FM. Chikumvekanso m'nyimbo za sungura. Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, onse a makolo ochokera ku Malaŵi, anaimba zina m'Chicheŵa, ndipo Mundikumbuke ya m'chimbale cha Simbaradzo cha 2000 inavinidwa ndi anthu amene sadziŵa tanthauzo lake. Gawo 6 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 limatchula Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo malamulo omwewo anatsegulanso njira ya unzika kwa ambiri amene lamulo la 2001 linaŵasandutsa alendo. Koma chinenero chimapita kwa ana kudzera m'banja, ndipo banja limayamba ndi chinenero chimene aŵiri anafunsirana nacho. Amene anayamba chibwenzi m'Chishona adzalera ana m'Chishona.

Chodabwitsa ndi chakuti malire a zinenero ziŵirizi ndi mgodi wa nthabwala umene palibe waukumba. Taonani:

(6) Chishona: ndinokuda, Chicheŵa: ndimakuda.
(7) Chishona: vanodanana, Chicheŵa: amadana.
(8) Chishona: kutamba, Chicheŵa: kutamba.

Mu (6) ndi (7) tsinde -da m'Chishona litanthauza kukonda, pamene m'Chicheŵa litanthauza kunyansidwa ndi munthu. Mu (8) Mshona akunena za kuvina kapena kuseŵera, pamene Mcheŵa amva za ufiti. Mlendo wongofika kumene kuchokera ku Dedza, wouzidwa pa mjigo kuti ndinokuda ndi kuitanidwa kukatamba usiku, ali ndi chifukwa chokwanira chothaŵira. Kusamvana kumene olemba a Hallmark amakuvutikira kukupeka, pano kuli kale m'dikishonale.

7. Mau Otsiriza

Taona kuti mafilimu opepuka a chikondi ali ndi ntchito yeniyeni, ndipo kuti a m'Chingerezi amalephera kunyamula zinthu zitatu: nyengo yathu, aloŵam'malo athu, ndi abale athu. Sitikupempha kuti aletsedwe, kapena kuti achinyamata adzudzulidwe chifukwa choŵakonda. Tikupempha kuti apikisanidwe nawo. Wailesi ya kanema inafika ku Salisbury mu 1960 ndipo ku Malaŵi mu 1999. Lero foni ya m'manja ingajambule filimu, ndipo Cook Off yasonyeza kuti ndalama zochepa si chopinga.

Kwa ife a bungwe lino pali ntchito ziŵiri. Yoyamba ndi kulemba mwadongosolo mau a kufunsirana ndi a chinkhoswe monga akulankhulidwa ku Zimbabwe, agogo amene aŵadziŵa akadali moyo. Yachiŵiri ndi kukhala pansi ndi olemba maseŵero a ku Harare, Lusaka ndi Blantyre, kuŵaonetsa zimene iwe ndi inu angachite m'nkhani ya ola limodzi ndi theka. Tinazoloŵera kuyesa moyo wa chinenero poŵerenga mabuku a sukulu ndi maola a pa wailesi. Tionjezepo muyeso wina: ngati mnyamata wa ku Zengeza 3 angathe kunena chiganizo (4) kwa mtsikana, mtsikanayo osaseka.