Chikhulupiriro ndi Khutu la Womvera: Kasankhidwe ka Nyimbo m'Malawi

Pa wailesi, m'mabasi ndi m'misika, nyimbo za ku Malawi zakhala zikugawidwa m'magulu awiri: zauzimu ndi zachikunja. Womvera wamba amakhulupirira kuti kusiyanaku kuli m'nyimbo momwemo, ndipo kuti khutu lingathe kukuzindikira palokha. Koma mbiri ya kuimba m'dzikoli ikusonyeza zina. Nthawi zambiri munthu amayamba waweruza woimbayo, mpingo wake ndi maonekedwe ake, kenaka ndi pamene amatchera khutu. Ng'oma ndi chamba cha reggae ndi mboni ziwiri za mfundo imeneyi.

Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, pamodzi ndi ansembe a Chikatolika ku Mua, analimbana kwambiri ndi nyau. Kwa Mchewa wongobatizidwa kumene, kulira kwa mbalule kunali kuitana kwa kudambwe, choncho kutseka makutu kunali mbali ya kutembenuka mtima. Buku la Nyimbo za Mulungu linadzala ndi maimbidwe ochokera ku Ulaya ndi ku America. Koma kumpoto, Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia analimbikitsa Angoni kuika mawu achikhristu m'maimbidwe a makolo awo, ndipo nyimbo za anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole zinalowa mu Sumu za Ukristu. Achewa sanali operewera luso poyerekeza ndi Angoni. Chimene chinasiyana ndi maganizo a atsogoleri a mipingo pa funso loti kodi maimbidwe a makolo angathe kunyamula Uthenga Wabwino.

Utatha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican (1962–1965), ng'oma zinayamba kumveka pa Misa. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo osungira chikhalidwe a KuNgoni ku Mua komweko, kumene nyau zinkadanidwa kale. Chikopa ndi mtengo wa ng'oma sizinasinthe. Chinasintha ndi chiphunzitso, ndipo khutu la okhulupirira linatsatira. Ngakhale bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, mipingo yambiri imaletsabe Akhristu ake kupita kubwalo. Mkangano wotere suli pakati pa Akhristu okha. Asilamu a Kadiriya ku Mangochi ndi ku Machinga amaona sikiri ngati pemphero, pomwe anzawo otchedwa a sukuti anaikana, makamaka pa maliro, ponena kuti malowo ndi ofunika bata.

Chitsanzo cha reggae ndi choonekeratu kuposa apa, chifukwa maimbidwe amodzi anaphuka m'malo awiri. Ku Balaka, Alleluya Band inabadwa mu 1978 pa parishi ya Chikatolika mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo inalera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius. Reggae yofewa ya ku Balaka inalowa m'nyumba za anthu opemphera mosavuta, popeza inachokera pakhomo la tchalitchi. Ku Chileka, Evison Matafale anaimbanso reggae, ndipo zimbale zake za Kuimba 1 ndi Kuimba 2 n'zodzala ndi chiyankhulo cha m'Baibulo: uneneri, chiweruzo ndi kulira kwa oponderezedwa. Nyimbo yake ya Yang'ana Nkhope yatsamira pa chiphunzitso choti anthu onse analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Komabe sinaikidwe m'gulu la zauzimu, chifukwa woimbayo anali Mrasta, ndipo ambiri ankaona tsitsi lopotana ndi mbiri ya fodya wamkulu asanamve mawu.

Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 November 2001, atamangidwa chifukwa cha zolemba zodzudzula ulamuliro wa Bakili Muluzi. Imfa imeneyi inasintha kamvedwe ka nyimbo zake. Anthu amene sakanalandira chipembedzo chake anayamba kumumva ngati wofera choonadi, ndipo gulu la Black Missionaries, limene linapitiriza mndandanda wa Kuimba, linapeza otsatira a mipingo yosiyanasiyana. Apa pakuoneka kuti zimene munthu amakhulupirira si malamulo a mpingo okha. Ludzu la chilungamo nalo ndi chikhulupiriro, ndipo nthawi zina limaposa katekisimu.

Lucius Banda anakumana ndi mbali ina ya nkhani yomweyi. M'zaka za m'ma 1990 anatchuka monga msilikali wa anthu osauka. Atalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2004 kudzera m'chipani cha UDF, ena anayamba kumva nyimbo zake ngati mawu a chipani, ngakhale kuti luso lake linali lomwe lija. Atamwalira mu 2024, nyimbo zomwezo zinaimbidwa ndi anthu a zipani zonse, chifukwa imfa inachotsa chimene chinkatchinga makutu.

Wina angatsutse ponena kuti anthu amavina chilichonse chokoma, ndipo kuti pa phwando la ukwati palibe amene amafunsa za chiphunzitso. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, koma ikaunikidwa bwino imangolimbitsa zimene zanenedwazi. Oimba ambiri a zauzimu amagwiritsa ntchito maimbidwe a rumba, a manganje ndi a ku South Africa, omwenso amamveka m'malo omwera mowa. Mayi wa Chigwirizano amene sangadzuke pampando ikamalira nyimbo ya chikondi amavina momasuka kugunda komweko kukavala dzina la Yesu. Thupi linkafuna kuvina kale. Dzina loti zauzimu langopereka chilolezo. Kubwera kwa nyumba zoulutsira mawu za zipembedzo, monga Radio Maria ndi Radio Islam, utatha ulamuliro wa chipani chimodzi mu 1994, kunathandiza kuti womvera azitha tsiku lonse osatuluka mumpanda wa chikhulupiriro chake.

Palibe cholakwa kuti munthu asankhe nyimbo zogwirizana ndi chikumbumtima chake. Vuto limadza pamene ounika zaluso atengera magulu awiriwa osawafunsa. Zikatero, nyimbo yopepera imatetezedwa chifukwa yatchula Mulungu, pomwe nyimbo yozama imatayidwa chifukwa cha tsitsi kapena chipani cha woimba. Kafukufuku wa nyimbo za m'Chichewa wakhala akutsamira pa mawu ndi oimba, koma womvera naye ali ndi mbiri yofunika kuifufuza: amene anamuphunzitsa kumva, zimene analetsedwa ali mwana, ndi nyimbo zimene amaziimba chamumtima ngakhale mpingo wake sukuzilola.